Kudzuka 4 koloko popanda wokudzutsa: kodi ndi ukalamba umenewu?

Mayi wina wa zaka 46 amene amagwira ntchito ku Kasungu wanditumizira kalata pa imelo. Kalatayo ndi yaitali, koma fundo yake ndi iyi: "Masiku ano ndimadzuka 4 koloko m'mawa popanda wondidzutsa, ndipo ikamakwana 9 koloko usiku ndimakhala ndikusinza pampando. Anzanga akandiitana kokasangalala ndimayamba kufunafuna chonamizira. Ndikalandira malipiro mtima umathamangira ku mapoto ndi mbewu za ndiwo zamasamba, osati nsapato ngati kale. Foni ndimaiwerengera patali. Ana anga akuti ndayamba kufanana ndi agogo awo. Kodi ndakalamba msanga, kapena pali chimene chalakwika?"

Achemwali anga, simunakalambe, ndipo pa zimene mwatchulazi palibe chondidetsa nkhawa. Koma ndikumvetsa chifukwa chake mukudzikayikira. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pafupifupi theka la anthu m'dziko muno ndi osakwana zaka 18. Ndiye munthu wa zaka 46 akakwera minibasi, kawirikawiri wamkulu pa onse amakhala iyeyo, ndipo kondakitala amamusiyira mpando wakutsogolo asanapemphe n'komwe. Ku mayiko kumene kuli okalamba ambiri, wa msinkhu wanu amaonedwa ngati akadali pakati pa ulendo. Kuno amakuikani pa mpando wa akuluakulu mafupa akadali olimba.

Pali chifukwa china chimene sitikonda kuchikamba. Anthu amene akanatiphunzitsa kakhalidwe ka msinkhu uno, azakhali athu, amalume, achemwali ndi achimwene athu aakulu, ambiri tinawaika m'manda m'zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa 2000, boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004. M'mabanja ambiri munatsala ana ndi agogo, pakati palibe munthu. Sitinawaone akufika zaka 45, akugula magalasi oyamba, akudandaula bondo, akuseka okha imvi zawo. Ndiye ife tikaona chizolowezi chachilendo mwa ife, munthu yekhayo amene timatha kudziyerekeza naye ndi agogo. Ana anu akuchitanso chimodzimodzi.

Tiyambe ndi kudzuka m'bandakucha, chifukwa pa zonse mwalembazi ine ndimakonda kumeneku. Zaka zikamapita tulo timapepuka, ndipo thupi limafuna kugona msanga n'kudzukanso msanga. Ngati mukugona 9 koloko n'kudzuka 4, ndiye kuti mwagona maola 7, omwe ndi okwanira munthu wamkulu. Palibe chimene mwataya. Mwangosuntha tsiku lanu, ndipo mwalisunthira pabwino. Kuyambira 4 mpaka cha m'ma 5 ndi theka ndi nthawi yokhayo imene palibe akukufunani. Mwana sanayambe kufunsa za yunifolomu, bambo akadali m'tulo, wogulitsa makala sanagogode. Mumateleka madzi, mumathira masamba a tiyi, mumakhala pakhonde. Mu Okutobala ndi ola lokhalo lomwe kamphepo kamakukhudzani pakhungu musanayambe kuwauka. Mu Juni mumafunda chitenje pamwamba pa juzi, kapu ili m'manja onse awiri. Atambala amayankhizana, kumzikiti akuitanira mapemphero, patali wina wayamba kale kusesa pabwalo. Ena nthawi imeneyi amawerenga Baibulo, ena amathirira mpiru wawo, ena amangokhala. Kungokhalako musakuone ngati ulesi. Munthu amene tsiku lonse amayankha mafunso a anthu ena amafunika ola limodzi lopanda funso.

Chimene ndingakupempheni n'chakuti foni muisiye kuchipinda mpaka kutacha. Mukangotsegula WhatsApp, ola lija latha. Muli gulu la banja la kuchimuna, la kuchikazi, la amayi a kutchalitchi, la banki m'khonde, la amene munaphunzira nawo ku sekondale, ndi lina limene anakulowetsani usiku chifukwa kwagwa zovuta. Ndipo pakati pa "mwadzuka bwanji" ndi zithunzi za maluwa pamakhala uthenga wa mphwanu woti mumuponyereko kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba.

Apa ndiye pagona nkhani ya kukana maitanidwe. Inu mukuganiza kuti mwasiya kukonda anthu. Ine ndikuona kuti anthu akuchulukirani. Pa zaka 25 munkapita ku ukwati kukavina. Pa zaka 46 mumapita ngati nkhoswe, kapena wa komiti ya zakudya, kapena amene wasinthitsa ndalama zing'onozing'ono za perekaniperekani n'kumawerengera mumtima ngati zifike kumapeto. Pa maliro munkakhala kumbuyo n'kumaimba nawo. Lero ndinu amene mukufunsidwa kuti bokosi ligulidwe kuti, galimoto ilipiridwa ndi ndani, adzukulu adya chiyani. Fizi ya ana anu, ya mwana wa malemu achemwali anu, mankhwala a amayi kumudzi, feteleza mvula isanagwe, zonse zimadutsa pa inu. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Tayang'anani m'chikwama chanu ngati mulibe chitenje chopindidwa bwino, chodikirira uthenga umene ungabwere muli kuntchito. Amayi ambiri a msinkhu wathu amayenda nacho, ndipo palibe anatiuza kuti tiyambe.

Munthu wotere akapeza Loweruka lopanda maliro, lopanda chinkhoswe, lopanda msonkhano wa mpingo, n'zodabwitsa kuti akufuna kukhala pakhomo atavala diresi lakale? Kukana kumafunika luso basi. Maganizo anga ndi akuti kumaliro pitani, ngakhale kwa ola limodzi, chifukwa kusaoneka pamaliro anthu sakuiwala, ndipo nanunso tsiku lina mudzafuna anthu. Kwa wodwala pitani. Koma maphwando a mphatso za kukhitchini amene achuluka masiku ano, oti muvale mtundu wakutiwakuti wa nsalu ndi kulipira pakhomo, mukhoza kutumiza envelopu n'kunena kuti, "Pepani, ulendo uno sindikwanitsa." Osawonjezera bodza la mutu kapena la alendo. Bodza limafuna kulikumbukira, ndipo pa msinkhu uno timaiwala ngakhale chimene talowera m'chipinda.

Za mapoto sindichedwapo. Munthu amene wapsereza nsima m'poto wopyapyala kwa zaka makumi awiri ali ndi ufulu wosirira poto wolemera kunsi. Nsapato zazitali zija mapazi anazikana okha.

Za dimba ndi zakudya ndi zimene zimandiseketsa, chifukwa tabwerera kumene tinkathawa. Tili ana, chakudya chapamwamba chinali buledi wopaka majarini, mpunga wa nkhuku pa Khirisimasi, ndi Fanta amene tinkamwa pang'onopang'ono kuti lilime lifiire anzathu aone. Bonongwe, chisoso, luni ndi therere tinkaziona ngati ndiwo za kusowa. Mgaiwa unali wa kusukulu yogonera konko, ufa woyera ndiwo unali ulemu. Lero ndife amene tikuima pamsika kufunsa ngati nkhwani ndi wa lero, tikusinja nsinjiro tokha chifukwa zogula sitizikhulupirira, tikupempha kuchigayo kuti chimanga asachikonole. M'mawa mbatata yowiritsa kapena chinangwa zimatikomera kuposa sikono. Ndipo kuthyola mpiru umene wabzala wekha kuseri kwa nyumba, ngakhale m'thumba la simenti lodzaza dothi, kuli ndi kukoma kumene mwana wa zaka 20 simungamufotokozere. Ndalama ikulowaponso. Kuchokera pamene Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtolo wa masamba sulinso chinthu chogula osaganiza.

Pali zizolowezi zina zimene simunalembe koma ndikudziwa kuti zilipo. Jumbo yodzaza majumbo anzake kuseri kwa chitseko. Zigubu za mafuta ophikira zotsukidwa bwino, zodikira ntchito imene sinadziwike. Mbale zabwino zotsekeredwa m'kabati kudikira alendo. Abambo nawo ali ndi zawo. Amazungulira nyumba madzulo manja ali kumbuyo, kuzimitsa magetsi m'zipinda zopanda anthu, kusuzumira mita kuti mayunitsi atsala angati, kenaka n'kufunsa kuti wasiya mpopi ukudontha ndani. Loweruka amapita kupuloti kukaona njerwa zomwe anaziona kale sabata yatha, ndipo amabwerako okhutira. Timu yawo amaitchulabe Bata Bullets. Nkhani za pawailesi zikayamba, nyumba yonse izikhala chete, ngakhale nkhani zomwezo anaziwerenga kale pafoni masana.

Ndipo tonse, amuna ndi akazi, tili ndi matenda otchula mitengo yakale. Mwana akapempha K5,000, ndalama ya pepala imene inangobwera mu 2022, timayamba kumuuza zimene tinkagula ndi matambala. Musadzidzudzule kwambiri. Amene tili pakati pa zaka 45 ndi 55 taona zinthu zikusintha mwa liwiro loti mutu uyenera kubwerezabwereza kuti ukhulupirire. Tinakula ndi wailesi imodzi ya MBC. Kanema wa dziko lino anayamba mu 1999, ena tili pabanja kale. Lamulo la 1973 linkaletsa akazi kuvala buluku ndi masiketi aafupi mpaka 1993, chaka cha riferendamu ya pa 14 Juni. Tinalemberana makalata a chibwenzi odikira milungu iwiri ku positi ofesi, ndipo lero tikulandira zithunzi za zidzukulu kuchokera ku Johannesburg pa mphindi yomweyo. Nkhani zimenezi ana auzeni, n'zawo. Koma ziuzidwe ngati nkhani, pa mphasa, pofuna kuseka. Zikasanduka chikwapu chowakwapulira nthawi iliyonse akapempha kanthu, amatseka makutu, ndipo tsiku limene adzazifune inu mudzakhala mutatopa kuzikamba.

Tsopano za thupi, chifukwa si zonse zimene tiyenera kuziseka. Kuwerengera foni patali kumayamba pafupifupi kwa aliyense akadutsa zaka 40. Kagalasi ka m'kati mwa diso kamene kamatithandiza kuona pafupi kamauma pang'onopang'ono, ngati mphira ya legeni yokhalitsa padzuwa, ndiye sikapindikanso bwino. Magalasi owerengera amathetsa vutoli tsiku lomwelo. Ambiri amagula a pamsika ndipo amawathandiza, koma kayezetseni maso kuchipatala kaye, chifukwa kumeneko amatha kuona matenda ena amene amaononga maso mwakachetechete. Mukawapeza, gulani awiri. Amodzi mudzawafunafuna nyumba yonse ali pamutu panu.

Chimene ndikufuna musachizengereze ndi BP. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Siipweteka, siichenjeza. Kuyezetsa kumatenga mphindi zochepa, ndipo ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa mobwerezabwereza, mverani zimene achipatala akuuzeni, osati za m'gulu la WhatsApp zoti adyo ndi mandimu zimachiza zonse. Mchere wa tsiku lonse usapose kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale mu usipa wouma ndi timakyubu tokometsera ndiwo. Mukapita, yezetsaninso shuga ndi khomo la chiberekero, poti khansa imeneyi ikutenga amayi ambiri m'dziko muno pamene ikapezeka msanga imachizika.

Pa zaka zanuzi mukhozanso kuyamba kuona kusintha kwa kumwezi. Amayi ambiri amasiya kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo zaka zoyandikira nthawiyo zimabwera ndi kutentha thupi mwadzidzidzi, thukuta la usiku, tulo todukaduka ndi kupsa mtima pa zinthu zazing'ono. Si ufiti, si kulodzedwa, ndipo bambo akunyumba ndi bwino kuwauza kuti asamadabwe. Zoyenera kuthamangira nazo kuchipatala ndi monga kutaya magazi patapita chaka chathunthu mutasiya kusamba, ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, kapena kuonda popanda chifukwa. Chinanso n'chakuti muzidzifunsa ngati chisangalalo chanu chasamuka kapena chazimiririka. Kalata yanu ikuonetsa munthu amene akukondwa ndi mbewu ndi mapoto, ndiye chasamuka chabe. Koma zikadzafika poti palibe chikukukomerani, dimba lomwe, chakudya chomwe, kwa milungu ingapo, kudzuka usiku kuli kwa nkhawa osati kwa mtendere, pamenepo uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo kaonaneni ndi achipatala.

Anzanu aja musawataye. Si onse, koma awiri kapena atatu amene anakudziwani musanakhale mayi a uje, amene mukhoza kuwalandira nyumba isanakolopedwe. Vuto si iwowo, vuto ndi nthawi imene amakuitanirani ndi phokoso la kumalo amene amasankha. Ayitaneni inu, kwanu, Loweruka masana cha m'ma 2 koloko. Wina abwere ndi thobwa, wina zitumbuwa, inu muwiritse chimanga kapena mtedza. Ndikukhulupirira kuti mwa atatuwo, awiri nawonso amasinza 9 koloko koma amachita manyazi kunena. Pofika 5 koloko mudzaona wina akuyang'ana kumwamba n'kunena kuti anasiya zovala pachingwe, ndipo palibe amene adzamukakamize kukhala.