Kansalu ka chipembere m'sutikesi ya agogo

Mayi wina wandilembera kuti m'sutikesi ya malemu agogo awo apezamo kansalu kokhala ndi chithunzi cha mutu wa chipembere, pamodzi ndi mendulo yooneka ngati nyenyezi. Akufunsa kuti n'chiyani, ndiponso ngati angakagulitse kwa anthu osonkhanitsa mabaji a asilikali.

Mayi, kansaluko ankakasokera pamkono wa yunifolomu, chakumapewa. Mutu wa chipembere unali chizindikiro cha 11th (East Africa) Division, gulu la asilikali oyenda pansi lomwe linakhazikitsidwa mu 1943, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ambiri mwa iwo anali a Keyala, King's African Rifles, ochokera ku Kenya, Uganda, Tanganyika ndi kuno ku Nyasaland, komanso a Northern Rhodesia Regiment. Anayamba akaphunzira nkhondo ya m'nkhalango ku Ceylon (Sri Lanka ya lero), kenako mu 1944 anawatumiza ku Burma (Myanmar ya lero) kukamenyana ndi asilikali a Japan.

Kumeneko anawapatsa chigwa cha Kabaw, mvula ili pachimake. Matope ankameza magalimoto, chakudya chinkachita kugwa pa parachuti, ndipo malungo ankagwetsa anthu kuposa zipolopolo. Anayendabe choncho mpaka kulanda Kalewa, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin, kumayambiriro kwa Disembala 1944. Ngati mendulo yanuyo ili ndi mawu akuti Burma Star, agogo anatumikiradi pa nkhondo ya ku Burma.

Za malondazo, ine ndingati dikirani kaye. Mabaji otere adzaza pa intaneti, ndipo ambiri ndi osokedwa dzana. Ogula odziwa amatembenuza kansaluko n'kuyang'ana kumbuyo: ulusi wakale wathonje, timabowo ta singano pomwe anakasomola pa malaya, m'mphepete mothothoka. Ena amaunika ndi tochi ya kuwala kwapadera kotchedwa UV, poti ulusi wamakono umawala akauunika nayo. Ndiye chonde musakachape kapena kukasita, ngakhale kakununkha nkhungu. Kaikeni mu envelopu yapepala, pamalo pouma.

Vuto n'lakuti bajiyo imangotchula gulu, osati munthu. Ngakhale Burma Star inkaperekedwa yopanda dzina. Choncho fufuzaninso m'sutikesimo: kabuku ka malipiro, kalata yowatulutsa usilikali, chithunzi, chilichonse chokhala ndi nambala yawo ya usilikali. Nambalayo ndi imene ingakuthandizeni kufufuza batalioni yawo. Mukaipeza, jambulani zonse pamodzi, munditumizire.