Mota yaikulu musagule, achimwene

Mwandilembera kuti mwapanga kaboti ka rimoti kotengera Surfury, boti lotchuka la mpikisano, pa sikelo ya 1:12 (utali wa lenileni kuugawa ndi 12), koma mukangokaonjezera moto kamayamba kudumphadumpha ngati chule kenako n'kugadabuka. Mukufunsa ngati mugule mota yamphamvu kuposa yomwe ilimo.

Nditawerenga ndinaseka, kenako chilonda chakale chinatukusika.

Kanga koyamba ndinakapangira patebulo la kukhitchini kuno ku Southampton, nyengo yozizira yonse. Mapulayiwudi opyapyala, guluu wa epoxy kununkha nyumba yonse, mayi akunyumba akudandaula kuti nsima ikumveka utoto. Ine mwana wokulira kupinda magalimoto amawaya, ndinkadziona ngati katswiri. Ndinathera masabata awiri pa timipando ndi kachiwongolero kakang'ono ngati batani la malaya, zinthu zoti boti likakhala pamadzi palibe angazione. Pamapeto ndinapita kusitolo ina, wogulitsa n'kundinyengerera mota yaikulu kuposa zonse zomwe zikanakwanamo. Ndinalipira mosanyinyirika.

Padziwe sipanathe mphindi imodzi. Kanadzutsa mphuno, kanamenya madzi katatu, phava! chagada. Chivundikiro sindinamate tepi, mkati sindinaikemo chilichonse choyandamitsa. Ndinaima ndi rimoti m'manja ndikuona kamphuno kofiira kakumira pang'onopang'ono, mpaka pamadzi panangotsala thovu. Gogo wina woyendetsa galu anandiyang'ana, anayang'ana dziwe, n'kupitiriza ulendo wake osanena kanthu. Bola akanandiseka.

Chimene ndinachedwa kumvetsa n'chakuti boti mwalichepetsa inu, koma madzi sanachepe. Pa 1:12, kulemera kwa boti lenileni mumagawa ndi 1,728, pomwe liwiro mumagawa ndi pafupifupi 3.5 basi. Ndiye boti lothamanga makilomita 100 pa ola, kamwana kake kakafika 29 ndiye kuti kathamanga mokwanira. Inu mukufuna 60. Pamenepo mukuyendetsa Surfury paliwiro lomwe mmisiri Renato Levi sanalilotepo pomwe ankajambula botilo, lisanapambane mpikisano wapanyanja wa Cowes–Torquay kuno ku England mu 1967.

Ndipo tinene zoona, maboti amenewa sanatchuke ndi injini zokha. Boti la Dick Bertram lotchedwa Moppie linasiya anzake kutali pa mpikisano wa Miami–Nassau mu 1960, nyanja itawinduka, chifukwa cha mimba (pansi pa boti) yomwe wolijambula Ray Hunt analipatsa: V yakuya ya madigiri 24, yofika mpaka kumbuyo, yong'amba mafunde m'malo mowamenya. Chaka chotsatira Sir Max Aitken anayambitsa wa ku Cowes uja. Anthu opanga timaboti masiku ano amatengera utoto ndi manambala mosaphonya, koma pansi pa boti amangopala mwachisawawa. Ine zimenezo zimandinyansa. Kaboti kokongola pamwamba kokhota kumimba ndi chidole cha pashelefu, ndipo mwini wake angovomera n'kukagulira galasi.

China timaiwala. M'maboti akuluakulu a mpikisano, a gulu lotchedwa Class 1, mumakhala anthu awiri, wina pachiwongolero, wina ntchito yake moto basi. Boti likauluka pafunde amatsitsa moto, likatera amabwezera. Ifeyo padziwe chala chimangokanikiza mpaka kumapeto ngati dalaivala wa minibasi wothamangira pasenjala wa kutsogolo. Ngakhale akatswiri nyanja siiwaopa: Stefano Casiraghi anafera pa mpikisano kufupi ndi Monaco mu 1990 boti lake litagadabuka.

Ndiye mutani?

Motayo isiyeni. Ikani boti, batire lili mkati, pakamtengo kobulungira muone pomwe likukhazikika. Pakhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wake, kuyeza kuchokera kumbuyo. Kudumpha kuja kawirikawiri ndi batire lomwe lakhala kumbuyo kwambiri, lisunthireni kutsogolo sentimita imodzi imodzi. Yesaninso pulopela yocheperako. Pansi, chakumbuyo, gonekanipo rula: pakaoneka kuwala, palani mpaka pawongoke. Kumphuno dzazaniko zidutswa za thovu louma lija limabwera m'makatoni a mafiriji, chivundikiro mumate tepi mbali zonse.

Rimoti ya kaboti kanga kaja idakali m'dirowa. Mukaifuna nenani.