Bowa wa lingzhi ndi mwanabere

Achemwali, musadalire bowa wa lingzhi kuti aphwetse mwanabere wa m'khosimo. Ku China amawiritsa bowa wolimbayu n'kumamwa madzi ake owawa kuti thupi likhale ndi mphamvu, koma mwanabere amatuluka chifukwa pali matenda ena amene thupi likulimbana nawo. Mwana wanga atatupa pansi pa chibwano, vuto linali dzino lobowoka. Atalizula, chotupacho chinaphwa chokha.

Bowayu amathanso kuchedwetsa magazi kuundana, ndiye ngati mumamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin kapena aspirin, funsani adokotala kaye. Chotupa chikadutsa milungu iwiri, makamaka chikakhala cholimba koma chosapweteka, kapena mukutuluka thukuta usiku ndi kuonda, pitani kuchipatala msanga akakuyezeni TB, HIV ndi khansa.