Fayilo ya makilo a tiyi ikukana kutseguka mu foda

Achemwali, mwati mukadina kawiri fayilo imene mumalembamo makilo a masamba a tiyi a kalabu yanu ku Limbuli, Excel ikuyaka koma pakungooneka mbuu, opanda mizere ngakhale dzina limodzi la mlimi. Mwatinso wina wakuuzani kuti kompyuta yonse ifufutidwe, ayikemo Windows yatsopano. Chonde musalole zimenezo. Mungataye kaundula wa alimi a chaka chonse pa vuto loti mutha kulikonza nokha musanamalize n'komwe kapu ya tiyi.

Yambani ndi kuyesa izi. Yatsani Excel payokha, pitani pa File, kenako Open, musankhe fayiloyo kuchokera mmenemo. Ikatseguka bwinobwino, mtima pansi, fayilo yanu ndi yamoyo. Chasokonekera ndi mmene Windows ikuperekera fayiloyo kwa Excel.

Kawirikawiri wolakwa amakhala kabokosi kamodzi kobisika. Mu Excel pitani pa File, Options, Advanced, mutsike mpaka pagawo lolembedwa General. Pamenepo pali mzere woyamba ndi mawu akuti "Ignore other applications that use Dynamic Data Exchange". Kabokosi kake kakakhala kochongedwa, Excel imatseka makutu, siimva Windows ikamaiuza kuti itsegule fayilo imene mwadina. N'chifukwa chake ikuyaka koma osaonetsa kanthu. Chotsani chongacho, dinani OK, tsekani Excel, muyesenso. Ine ndikuganiza kuti vuto lili pomwepa, malinga ndi mmene mwafotokozera.

Zikakanika, dinani fayiloyo ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Open with, kenako Choose another app, musankhe Excel ndi kuiuza kuti izitero nthawi zonse. Izi zimasokonekera munthu akayikamo WPS Office kapena LibreOffice, pulogalamu yatsopanoyo n'kulanda mafayilo a Excel. Dziwani kuti a .xls, akale aja, ndi a .xlsx amene anayamba ndi Office 2007, Windows imawatenga ngati mitundu iwiri, ndiye mukonze yonse. Pakatsalabe vuto, mu Control Panel pa Programs and Features sankhani Office (gulu la mapulogalamu lomwe muli Excel), dinani Change, ndiye Quick Repair. Imeneyi siifuna intaneti. Njira inayo yomwe ili pomwepo, Online Repair, imadya bandulo, isiyeni ikhale yomaliza.

Koma pali china chikundidetsa nkhawa. Mwanena kuti fayiloyo imayenda pa fulashi, mumakasindikizitsa mapepala ku Chitakale. Yang'anitsitsani chizindikiro cha fayiloyo. Ngati pakona yam'munsi pali kamuvi kakang'ono, ndipo kukula kwake n'kongokwana 1 KB kapena 2 KB, imeneyo si fayilo yanu ayi. Ndi vayirasi imene imabisa mafayilo enieni n'kusiya zithunzithunzi zake, ndipo mukamadina ndi pomwe ikufalikira mu kompyuta. Musadinenso. Iyeretseni fulashiyo ndi antivayirasi kaye, mafayilo enieniwo nthawi zambiri amakhala alimo, angobisidwa.

Fayilo yanuyo ikangotseguka, lero lomwe, sungani kope ina pa kompyuta ndipo ina mudzitumizire nokha pa imelo, chifukwa tsiku lolandira ndalama alimi adzafuna kuona makilo awo mmodzimmodzi. Mundiuze zimene mwapeza pa kabokosi kaja.