Zilumba za Chagos: kodi n'zoona kuti kunalibe eni nthaka?

Mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Crawley, ku England, wandilembera imelo. Akuti mnzawo wa kuntchito amanena kuti agogo ake anachita kuthamangitsidwa ku zilumba za Chagos, koma munthu wina wa pantchito pomwepo akutsutsa, akuti kuzilumbako kunalibe eni nthaka, kunali aganyu chabe amene anabwezedwa kwawo ntchito itatha. Ndiye akufunsa kuti zoona zake ndi ziti.

Mayi, mnzanuyo sakunama. Ndipo zimene akunena winayo sanazipeke yekha, ndi bodza lakale limene boma la Britain linakonza dala.

Chagos ndi tizilumba pafupifupi 60 tili pakati pa nyanja ya mchere ya India, kummwera kwa Maldives. Chachikulu pa tonseto ndi Diego Garcia. N'zoona kuti poyamba kunalibe munthu. Anthu anayamba kukhalako chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, pamene Afalansa a ku Mauritius anatsegulako minda ya kokonati yoti aziyenga mafuta. Olima m'mindamo anali akapolo ochokera ku Madagascar ndi ku Mozambique. Mu 1814 France inapereka Mauritius ndi tizilumba take m'manja mwa Britain. Ukapolo unatha mu 1835, koma anthu aja sanachoke, ndipo pambuyo pake kunabweranso antchito ena ochokera ku India.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Anthuwa anakwatirana, anabereka ana, anawo n'kubereka awo. Anali ndi chiyankhulo chawo cha Chikiliyo, magule awo, matchalitchi, ziweto, mabwato ophera nsomba. Anali ndi manda, ndipo ife tikudziwa kuti pamene pagona agogo ako ndi agogo a agogo ako mpomwe pali kwanu. N'zoona kuti malo anali a kampani ndipo anthu ankalandira chakudya ndi kamalipiro kochepa, monga zinalili kwa makolo athu pa maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje. Koma munthu amene mtundu wake wakhala pamalo zaka zoposa 150 sangatchedwe waganyu wodutsa.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1960, nthawi imene America ndi Soviet Union zinkalimbirana mphamvu. America inkafuna chilumba chomangapo malo a asilikali, koma chopanda anthu. Mu 1965, chaka chimodzi Malawi italandira ufulu, Mauritius nayo inali ku London kukambirana za ufulu wake. Boma la Britain la Harold Wilson linapanikiza mtsogoleri wa Mauritius, Seewoosagur Ramgoolam, ndi anzake kuti avomere kusiya Chagos, ndipo linawapatsa mapaundi 3 miliyoni. Mu November chaka chomwecho tizilumbato tinasanduka koloni yatsopano yotchedwa British Indian Ocean Territory. Tangoganizani, mayiko a mu Africa akutsitsa mbendera za atsamunda, Britain ikukhazikitsa koloni ina. Mu 1966 inabwereketsa malowo kwa America kwa zaka 50, ndipo America inachotsera Britain madola 14 miliyoni pa mtengo wa zida za nyukiliya zotchedwa Polaris.

Vuto la Britain linali loti malamulo a United Nations amateteza anthu okhazikika m'dziko lolamulidwa ndi atsamunda. Choncho akuluakulu a boma ku London anagwirizana zoti azinena kuti kulibe nzika, kuli antchito a kontirakiti ochokera ku Mauritius ndi Seychelles. Makalata awo a nthawi imeneyo anadzaululika, ndipo anawerengedwa m'khoti. Mawu amene munamva kuntchito aja gwero lake ndi limenelo.

Kuchotsa anthu kunachitika pakati pa 1968 ndi 1973, ndipo kunali kwankhanza. Amene anapita ku Mauritius kuchipatala kapena kokacheza ankauzidwa kuti sitima yobwerera kulibe. Chakudya ndi mankhwala zinayamba kubwera mwa apo ndi apo. Ku Diego Garcia agalu a anthu anasonkhanitsidwa n'kuphedwa ndi utsi wa magalimoto eni ake akuona. Kenako anthu anapakiridwa m'sitima yotchedwa Nordvaer, kusiya nyumba ndi katundu. Onse pamodzi analipo pakati pa 1,500 ndi 2,000. Ena anatsitsidwa ku Seychelles, ambiri padoko la Port Louis ku Mauritius, kopanda nyumba, kopanda ntchito, n'kukathera m'makomboni osauka monga Roche Bois ndi Cassis. Chipepeso cha mapaundi 650,000 chimene Britain inapereka mu 1972 chinafika m'manja mwa anthuwo patatha zaka zingapo. China cha mapaundi 4 miliyoni chinabwera mu 1982, koma olandira ankadinda chala pa zikalata za Chingerezi zoti sadzafunanso kubwerera, ambiri osadziwa zimene zalembedwamo.

Sanakhale chete. Olivier Bancoult, amene anachoka ku Peros Banhos, tizilumba tina ta Chagos, ali mwana, anapambana mlandu ku London mu 2000. Mu 2004 boma linaletsanso kubwerera kudzera m'lamulo losadutsa ku nyumba ya malamulo, ndipo mu 2008 khoti lalikulu kwambiri la Britain linaikira kumbuyo boma, oweruza atatu kutsutsana ndi awiri. Mu 2002 ambiri anapatsidwa unzika wa Britain, n'chifukwa chake mukukumana nawo ku Crawley, pafupi ndi bwalo la ndege la Gatwick pamene ankafikira.

Mu February 2019 khoti la dziko lonse ku The Hague linanena kuti kudula Chagos ku Mauritius kunali kuphwanya malamulo, ndipo mayiko 116 ku United Nations anavota kuti Britain ichoke. Mu May 2025 Britain ndi Mauritius zinasainirana pangano loti tizilumbato tibwerere ku Mauritius, koma malo a asilikali ku Diego Garcia akhalebe kwa zaka 99.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti ngakhale panganoli linakambidwa ndi maboma okhaokha, ndipo Achagos ambiri akudandaula kuti sanafunsidwe maganizo. Limalola Mauritius kubwezera anthu ku tizilumba tina monga Peros Banhos ndi Salomon, koma osati ku Diego Garcia. Ngati agogo a mnzanuyo anabadwira ku Diego Garcia, panganoli silikuwatsegulira njira yokakhalanso kwawo.