Magazi ali bwinobwino, nanga opaleshoni ndi yachiyani?

Bambo wina wazaka 34 wandilembera kalata. Akuti akusamba anakhudza kachotupa kolimba ngati nsawawa kuseri kwa tchende, kosapweteka. Sikani, makina ojambula za m'kati mwa thupi, yaonetsa kuti kali kunja kwa tchendelo, magazi sanaonetse vuto, koma dokotala akufunabe kukachotsa. Funso lawo ndi lakuti, kodi si kungofuna kung'amba munthu kumeneku?

Ayi bambo, dokotala wanuyo ndikumumvetsa.

Sikani ija yayankha funso lalikulu. Chotupa cholimba chikakhala m'kati mwa tchende, madokotala amachiyesa khansa kufikira atatsimikiza kuti si khansa. Chikakhala kunja, pa kamtsempha kopindikapindika kosunga umuna kotchedwa epididymis, kapena pa chingwe chimene tchende limalendewerapo, nthawi zambiri sichikhala khansa. Kwa amuna a msinkhu wanu, chofala pa epididymis ndi adenomatoid tumour, kanthu kakang'ono kosafalikira. Pa chingwe paja, chofala ndi chotupa cha mafuta.

Pa magazi m'pamene mwadalira kwambiri. Zizindikiro zimene amayeza m'magazi, zotchedwa AFP, hCG ndi LDH, zimathandiza kupeza khansa yoyambira m'tchende mwenimwenimo. Khansa zosowa za m'mbali, monga rhabdomyosarcoma ya ana ndi anyamata kapena liposarcoma ya achikulire, kawirikawiri sizikweza AFP kapena hCG. Munthu akhoza kukhala nayo magazi ali bwinobwino. Sikani nayo imaona malo ndi kukula kwa chotupa, koma zotupazi zimafanana pa chithunzi. Ngakhale TB ikalowa mu epididymis imaumitsa malowo n'kusokoneza odziwa ntchito. Chimene chimathetsa mkangano ndi kachidutswa ka chotupacho kakaunikidwa ku labotale.

Mwina mukuti bwanji osangobaya ndi singano. Ngati ili khansa, kuboola thumba la machende kukhoza kuimwaza kumene sikanafika. N'chifukwa chake akakayikira amang'amba chapamwamba, m'mphechepeche, n'kutulutsira tchende kumeneko. Zipatala zina zimaumitsa kachidutswako ndi kuzizira n'kukaunika inu mudakali chigonere. Kakapezeka kosaopsa, amachotsa chotupa chokha, tchende n'kulibwezera m'malo mwake.

Musanasaine chikalata chovomereza opaleshoni, funsani ngati chipatala chanucho chimaunika motero, ndiponso ngati angachotse tchende lonse zinthu zikaoneka zokayikitsa. Amuna ambiri amachita manyazi kufunsa zimenezi, n'kudzazimva atadzuka kale. Muwauzenso ngati munagwirapo ntchito pa fumbi la asbestos, yemwe amapezeka m'zomangira zina zakale, chifukwa fumbilo likhoza kuyambitsa khansa ina yosowa kwambiri, mesothelioma, imene kawirikawiri imayamba ngati phudzi wamba.