Kutseka zitsime zoyezera madzi a pansi pa fakitale

Bambo wina amene amayang'anira ntchito pa fakitale ina ya tiyi ku Thyolo watitumizira imelo. Akuti pafupi ndi pomwe panali thanki ya dizilo pali zitsime zinayi zoyezera madzi a pansi, za paipi ya PVC ya mamilimita 50, zakuya mamita 20 chilichonse. Thankiyo inachotsedwa kale. Akufunsa ngati angathe kungothiramo dothi n'kumata simenti pamwamba.

Ayi bambo, musatero chonde. Dothi lothira pamwamba limatsakamira pakati pa paipi, kunsi n'kutsala mphako. Mvula ya ku Thyolo mukuidziwa: madzi otsuka bwalo la fakitale, okhala ndi mafuta, adzatsika m'paipimo kapena m'mbali mwake mpaka akafike pa madzi omwe mijigo ya m'midzi yoyandikana nanu imakoka.

Yambani mwatunga madzi komaliza, mukayezetse ku labu. Akapezeka ndi dizilo, zitsimezo ntchito yake sinathe, zisiyeni. Akakhala abwino, dziwitsani a bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority, komanso a bungwe loteteza chilengedwe la MEPA ngati zitsimezo zinakumbidwa potsatira chilolezo cha zachilengedwe.

Tsiku la ntchito, chotsani pampu, zingwe ndi chivindikiro chachitsulo. Tsitsani tepi yomangirira kachitsulo muone kuya kwenikweni. Ikaima pa mamita 14 pomwe pepala la okumba chitsimecho likunena 20, ndiye kuti m'paipimo mwagwera zinthu kapena mwadzaza matope, ndipo muyenera kutsuka kaye.

Chotsekera chake ndi phala la simenti lopanda mchenga. Thumba la makilogalamu 50 lisakanizidwe ndi madzi oyera malita 25, kuonjezerapo dongo la bentonite makilogalamu awiri kuti phala lisang'aluke pouma. Zimenezi zimatulutsa malita pafupifupi 40, ndipo paipi yanu imalowa malita awiri pa mita iliyonse. Koma musagule thumba limodzi lokha pa chitsime, chifukwa phala lina limatulukira m'timabowo ta kunsi kwa paipi n'kulowa m'mchenga wozungulira paipi. Konzani awiri.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: phala silithiridwa ndi ndowa kuchokera pamwamba. Likadutsa m'madzi, simenti imasungunuka, pansi n'kufika zamadzimadzi. Tsitsani kapaipi kakang'ono mpaka pansi penipeni, mupope phala kudzera m'menemo, mukukakweza pang'onopang'ono koma kukamwa kwake kusatuluke m'phala. Musapumire mpaka pamwamba patuluke phala lokhuthara ngati lomwe mwasakaniza. Ngati paipi ya PVC ikuzuka, izuleni mukuthira. Ngati simukukhulupirira zomwe anamata m'mbali mwake pokumba, itanani a makina aboole paipi yonseyo, kenako mudzaze dzenje lonse.

M'mawa mwake phala mudzalipeza litatsika, onjezerani. Kenako kumbani mita imodzi kuzungulira, dulani paipi yotsala, thirani konkire, kwirirani ndi dothi lotsendera bwino lotumphuka pang'ono kuti madzi asadikhe. Lembani malo a chitsime chilichonse pa GPS, kuya kwake, tsiku, ndi malita a phala omwe analowa. Ngati analowa ochepera 40, penapake patsala mphako, ndipo chitsimecho chiyenera kubooledwanso.